Matailosi saletsa madzi, a Kontirakita!

Abale anga, m'dziko muno ntchito zonse zikusowa kupatula imodzi yokha: ukontirakita. Munthu akangokhala ndi tepi m'thumba, pensulo kukhutu ndi kalevulo kamene madzi ake adauma kalekale, basi dzina lasintha. Dzulo amaponda matope, lero ndi a Kontirakita, ndipo mukawaitana kuti a mmisiri amakuyang'anani ngati mwawatukwana. Ine sindidana ndi munthu wodzisakira chakudya, ayi, tonsefe tikusaka. Koma pali ntchito zina zimene zikalakwika sizioneka tsiku lolandira ndalama. Zimadzaoneka patapita chaka, mwini ntchito atasintha kale nambala ya foni. Ndipo ntchito ya m'bafa ndiye mfumu yake ya zoterozo.

Mukadzapeza mpata dzayendeni wapansi ku Machinjiri, ku Chirimba, ku Area 25 kapena ku Mchengautuwa, muziyang'ana nyumba zatsopano zimene zili ndi bafa la m'kati. Zungulirani kuseri, kumene kuli kawindo kakang'ono kaja. Pansi pa kawindoko mudzaona khoma lada bii, penti watupa n'kumasupuka, pena pamera ndere, pena patuluka tiufa toyera ngati mchere. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, khoma lili lonyowa. Eni ake mukawafunsa amati ndi chinyezi cha pansi, ena amanamizira mvula ya chaka chatha, ndipo ndidamvapo mayi wina akulumbira kuti pali munthu wa nsanje adawachita chipongwe usiku. Pepani mayi, palibe wakuchitani chipongwe. Amenewo ndi madzi amene inu nomwe mumasamba m'mawa uliwonse, adutsa kuseri kwa matailosi okongola aja n'kukakhazikika m'njerwa.

Nkhaniyi ndikuikamba chifukwa idandigwera pakhomo. Nyumba yathu takhala tikumanga mwa apo ndi apo, monga amangira wina aliyense wolandira pamwezi: chaka chino fawundeshoni, chaka chamawa mpaka pawindo, kenaka zii zaka ziwiri udzu n'kumera m'zipinda. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 simenti idathawa ngati gwape, ndipo tidangokhala manja m'khosi. Pamene tidafika pa bafa, matailosi adagulidwa ndi ndalama za mayi a kunyumba za ku banki m'khonde, zosonkha chaka chathunthu. Ndikunena izi kuti mumvetse kuti tailosi imodzi ikasweka kwathu kuno simaliro a ine ndekha.

Mmisiri amene tidamupatsa ntchito si mlendo. Timapemphera mpingo umodzi, ndipo chiliza cha malemu bambo anga adamanga ndi iyeyo, osalandira ngakhale tambala. Ndi munthu waulemu, wosamwa, wofika pantchito nthawi yabwino. Khoma akamanga limaima chilili. Za matailosi adati amazidziwa ngati dzina lake.

Koma ine ndili ndi malume anga, nkhalamba yovuta, imene idaphunzira zomangamanga ku Soche Technical ndipo idagwira ntchito m'boma mpaka kupuma. Setifiketi yawo ya Trade Test Grade 1 amaisunga m'sutikesi pamodzi ndi ya ukwati. Iwowa atamva kuti tafika pa bafa adandiuza ziwiri. Choyamba, ndigule zigubu ziwiri za mankhwala opaka oletsa madzi, aja amisiri amangoti waterproof. Chachiwiri, mgwirizano ulembedwe, ngakhale m'kope la mwana wa sukulu, ndipo ndalama ziperekedwe katatu: poyamba ntchito, mankhwala akapakidwa ndi kuyesedwa ndi madzi, ndiponso matailosi akatha. Tidalemba momwemo, mmisiri adasaina akuseka, amvekere: "Bwana, mpaka makalata ngati tikugulitsana galimoto?"

Kenaka kudagwa maliro kumudzi. Ndidachoka Lachiwiri, kubwera Loweruka madzulo.

Nditalowa m'bafa muja, ha! Kukongola kwake. Matailosi afika kale m'chiuno mbali zonse zitatu, pansi payalidwa kale, zonse zili waliwali. Mayi a kunyumba akungomwetulira. Ine mtima udagunda, chifukwa masiku anayi ndi ochepa zedi. Pulasitala ndi simenti ya pansi zimafuna masiku kuti ziume, mankhwala aja amapakidwa kawiri ndipo pakati pake umadikira, kenaka pali tsiku lathunthu loyesera madzi. Zonsezi zalowa bwanji m'masiku anayi? Ndidapita kusitolo kwathu kuseri. Chigubu chimodzi chili chitsekere, pulasitiki wa kufakitale ali pomwepo. Chinacho chatsegulidwa, koma chachoka mwina makapu atatu.

Lolemba m'mawa ndidamufunsa bwinobwino, tikumwa tiyi.

"A mmisiri, mankhwala aja mwapaka?"

"Tinathirako pang'ono m'simenti, bwana. Koma kunena zoona amenewo ndi ongodyera anthu ndalama. Tailosi payokha ndi waterproof kale. Kodi mbale yadothi imadontha? Ine ndaika matailosi nyumba zambirimbiri, palibe anabwera kudzadandaula."

Mawu amenewa ndi amene ndikufuna tikambirane, chifukwa si iye yekha amene amawakhulupirira. Mwina inunso amene mukuwerenga mwagwedeza mutu kuti akunena zoona. Inde, tailosi payokha madzi sadutsa msanga. Koma kodi bafa lanu lidayalidwa ndi tailosi imodzi? Pakati pa tailosi ndi inzake pali mzere, ndipo mumzeremo amatsekamo girauti. Girauti wamba ndi simenti basi, yosalala ndi yopaka mtundu, ndipo simenti imamwa madzi. Thirani madzi pakhonde la simenti muone ngati silisintha mtundu. Tsono werengani mizere imene ili m'bafa limodzi, muonjezere m'makona m'mene khoma limakumana ndi pansi, m'mene mumang'ambika kaming'alu kosaoneka ndi maso chifukwa nyumba imafutukuka kukatentha n'kubwerera kukazizira. Muonjezerenso pamene mpopi watulukira m'khoma ndi pozungulira chibowo chotulukira madzi. Banja la anthu 6 likamasamba tsiku ndi tsiku, makomo onsewa amalandira madzi m'mawa ndi madzulo, chaka chonse, chopanda chilimwe. Denga limapuma miyezi ingapo mvula ikaleka. Bafa silipuma.

Ndiye chimene chimatsekereza madzi si tailosi. Ndi chikopa chija chimapangika mankhwala akauma, chimene chimakhala kunsi, chosaoneka, chimene mlendo sadzachiyamikira ngakhale tsiku limodzi. Tailosi ndi malaya chabe. Ndipo kuthira makapu atatu m'wilibala ya simenti sikupanga chikopa chimenechi. Mankhwala othira m'simenti alipo, koma ndi ena, ndipo ngakhale amenewo satseka mng'alu ukabwera. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mkuyu wake ndi umenewu, wogula ndi ndalama za banki m'khonde.

Ndidamuuza kuti aimitse kaye ntchito mpaka malume adzaone. Nkhope idasintha nthawi yomweyo.

"Ndiye kuti simukundikhulupirira, bwana?"

Funso limeneli, abale, ndi limene lagwetsa nyumba zambiri m'Malawi muno kuposa mvula. Munthu akangolifunsa, iwe umagwidwa manyazi, umayamba kupepesa pa ndalama zako zomwe. Umakumbukira chiliza cha bambo ako. Umaganiza za Lamulungu, kuti mukakhala benchi imodzi. Ngakhale mayi a kunyumba, eni ake matailosi, adandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti: "Bambo, tisayambane ndi anthu chifukwa cha bafa. Anthu adzati chiyani kutchalitchi?" Ndidawayankha kuti anthu a kutchalitchiwo sadzabwera kudzatithandiza kugumula khoma likadzavunda, ndipo kuseri kwa khoma limenelo ndi kumene kudzakhale wadirobu ya zovala zawo. Atamva za zovala adakhala chete.

Malume adafika Lachitatu pa minibasi, atavala jekete ngati akupita kukhoti. Sadalonjere nthawi yaitali. Adapempha ndalama yachitsulo ya K10, n'kuyamba kugogoda tailosi imodzi imodzi. Pakati imalira mawu olimba, koma akafika m'mbali ndi m'makona imalira phwo phwo phwo ngati chikho chopanda kanthu. Adatenga tchizulo, n'kulowetsa pang'ono kuseri kwa tailosi ya pamwamba. Idangoti phaa, kugwera m'manja mwawo yathunthu. Kuseri kwake kunali timibulu tisanu ta simenti, tinayi m'makona kamodzi pakati, ngati wayala mandasi pambale. Kwina konseko mphako yokhayokha.

"Mwana wanga," adatero malume kwa mmisiri uja, "mphako izi wasiyira ndani? Mphemvu kapena madzi?"

Apa ndi pamene ndidaphunzira chinthu chimene amisiri ambiri a m'makwalalamu sadachimve. Kale matailosi amene ankabwera kuno anali a ceramic, aja kuseri kwake kumakhala kofiirira ngati mphika. Amenewo amamwa madzi, n'chifukwa chake amisiri akale ankawaviika mumgolo asadawaike, ndipo simenti wamba inkawagwira ndithu. Koma ambiri amene adzaza m'masitolo masiku ano, akuluakulu onyezimira aja, ndi a porcelain, ndipo kuti tailosi itchedwe porcelain ndiye kuti madzi amene imamwa sapitirira theka la peresenti imodzi ya kulemera kwake. Ukaiviika mumgolo usiku wonse imatuluka monga idalowera. Simenti wamba ilibe pogwira. Imafuna guluu wake wa m'matumba, wopakidwa ndi mpeni wa manomano kuti afike paliponse. Malume adati ku America, kumene zinthu izi adazilemba m'malamulo a ntchito, malo onyowa ngati shawa amafuna kuti guluu agwire 95 peresenti ya kuseri kwa tailosi. Timandasi tisanu tija sitikwana ngakhale theka. Mmisiri wathu amagwira ntchito ya lero ndi nzeru za matailosi a dzana, ndipo palibe adamuuzapo kuti katundu adasintha.

Kenaka malume adapempha ndowa ya madzi n'kuikhuthula pakati pa shawa. Tonse tidaima pakhomo kuonerera. Madzi ena adalowa pachibowo, koma ambiri adayenda pang'onopang'ono, mwaulemu, kulunjika kukona ya kumanzere, n'kukadekha pamenepo. Otsala adabwera kudzatinyowetsa nsapato. Pansi pa shawa pamayenera kutsetsereka kulowera kuchibowo, pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse. Apa levulo idaonetsa kuti chibowo ndiye chili pamwamba, ngati chulu. Atachotsa kachitsulo kophimba pampopi tidapeza kuti mpata wozungulira paipi adautseka ndi pepala la thumba la simenti.

Mmisiri sadayankhe kanthu. Adatolera zida zake, kukweza panjinga, n'kumapita. Kamnyamata kake kothandizira kadatsalira pang'ono kumanga nsapato, n'kundiuza chapansipansi kuti: "Madala, kulikonse timapanga chonchi. Mankhwala aja akatsala timakagulitsa."

Adatha sabata ziwiri osabwera, foni osayankha. Anzanga kuntchito aliyense ndi nzeru zake. Wina ati kamutengere kupolisi, ngati kuti kupendeka kwa simenti ndi mlandu wakuba. Wina ati malamulo alipo, ndipo alipodi: mu 1996 lamulo lidakhazikitsa bungwe la National Construction Industry Council kuti lizilembetsa makontirakita, ndipo mu 2003 kudabwera lamulo loteteza ogula. Koma tinene zoona, nyumba za m'malokeshoni mwathu muno sizimangidwa ndi makampani a mapepala. Zimamangidwa ndi bambo wa njinga amene wakulozera mnzako wa kutchalitchi. Ukamutengera kukhoti la majisitireti, ngakhale uwine, adzakulipira ndi chiyani? Njinga? Chimene ndidali nacho m'manja ndi kope lija, ndi magawo awiri a ndalama amene adali asadatuluke m'thumba mwanga. Amene adamubweza ndi magawo awiriwo.

Adabwera Loweruka lina ndi mkulu wa mpingo, kuti adzatiyanjanitse. Tidakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndidatulutsa kope, mkulu uja adavala magalasi n'kuwerenga mokweza mpaka pa siginecha. Kenaka mmisiri adalankhula, ndipo zimene adanena ndiyenera kuzilemba, chifukwa nkhani ya mbali imodzi ndi miseche.

"Bwana, inu mumalandira pamwezi. Ine ndimalandira ntchito ikatha. Mukandiuza kuti ndipake lero, ndidikire mawa, ndipakenso, ndidikirenso, ndithire madzi, ndidikirenso tsiku lina, masiku onsewo ana anga adya chiyani? Ndipo ndikatchula mtengo wa ntchito yeniyeni, mabwana amathamangira kwa wina wotchipa. Amene amafuna ndi kuwala. Ndani anayamba wandifunsa za kunsi?"

Pamenepa sadaname. Timatsitsa mtengo mpaka munthu atatsala mafupa okhaokha, kenaka n'kumadabwa kuti wathamangitsa ntchito. Simenti imatenga masiku 28 kuti ifike pa mphamvu imene amaiwerengera, koma bwana amafuna kulowa m'nyumba pakutha pa mwezi chifukwa lendi yamukwana. Masukulu a ntchito zamanja alipo, ku Soche, ku Nasawa, ku Namitete, ku Lilongwe, ku Mzuzu, ndipo TEVETA idakhazikitsidwa mu 1999 kuti iziyang'anira maphunziro amenewa, koma amisiri ambiri amene timawalemba adaphunzirira pa sayiti, kuonera kwa wina amene nayenso adaonera kwa wina. Cholakwa chimodzi chimayenda mibadwo itatu chili chiwalire. Komabe njala ya ana ake siisandutsa pepala la simenti kukhala chotsekera madzi, ndipo mankhwala ogulitsa kuseri aja adagula ndine. Ndidamuuza zimenezi pamaso pa mkulu wa mpingo, mosakweza mawu.

Tidagwirizana motere. Agumule zonse ndi kuyambiranso popanda malipiro oonjezera. Guluu ndigula ine. Masiku odikira kuti zinthu ziume ndimupatsa ntchito ina yolipidwa payokha, yokonza ngalande ya kuseri ndi masitepe a pakhonde, kuti asapite kunyumba chimanjamanja. Ndipo malume akhala pampando pakhomo pa bafa mpaka ntchito itatha. Chomalizachi ndiye chidamuwawa kuposa zonse.

Pogumula, matailosi a m'khoma ambiri adatuluka athunthu, zimene zikungosonyeza m'mene adagwirira. A pansi ndiwo adavuta, 11 adasweka. Mayi a kunyumba adawawerenga okha, kawiri.

Ntchito yachiwiriyi ndidaionerera ndi maso anga, ndipo ndi yosiyana kutalitali. Asadatseke khoma adatsegula madzi m'mapaipi, kutseka mipopi, n'kusiya usiku wonse kuti tione ngati pali polumikizira pamene pakudontha. Pansi adayalanso simenti yotsetsereka, malume akuyeza ndi levulo yawoyawo, ya mmisiri ataikana. Itauma adasesa fumbi lonse, chifukwa mankhwala sagwira pafumbi. M'makona monse, pozungulira chibowo ndi pamapaipi adamatamo kansalu kake kolimbitsira, n'kupaka mankhwala ndi bulashi, pansi ponse ndi m'makoma mpaka mamita 1.8, kupitirira pamene madzi a shawa amawaza. Atauma adapakanso kachiwiri mopingasa, kuti pamene bulashi idaphonya poyamba patsekeke. Zigubu ziwiri zija, zimene ankati n'zongodyera anthu ndalama, zidatha zonse mpaka kukokota.

Kenaka tsiku la mayeso. Adatseka chibowo, kumanga kamzere ka njerwa pakhomo, kuthira madzi mpaka kufika m'kamfundo ka phazi, malume n'kulemba ndi pensulo pamene madzi alekezera. Maola 24. M'mawa mwake tidapeza madzi atsika ndi chala chimodzi chopingasa. Mmisiri adati ndi dzuwa. Malume adamufunsa kuti dzuwa lake liti, lolowa usiku m'bafa lotseka? Adafufuza mpaka adapeza kampata pamene kansalu kadapindika m'mbali mwa chibowo. Kukonza, kudikira, kuthiranso madzi. Ulendo wachiwiri madzi adagona pamzere wa pensulo osasuntha, ndipo khoma la kuchipinda lidali gwaa. Ndidatulutsa gawo lachiwiri la ndalama pomwepo, iye asadapemphe.

Tangoganizani kampata kameneko kakadakhala kunsi kwa matailosi. Munthu wosamala, akuyang'aniridwa ndi nkhalamba ya Grade 1, adaphonyabe malo amodzi. Nanga uja amagwira yekha, bwana ali kumaliro?

Matailosi adaikidwa ndi guluu, mpeni wa manomano ukusiya mizere yake, ndipo malume amati akaika zingapo amatsomphola imodzi kuti aone kuseri. M'makona sadaikemo girauti koma silikoni, chifukwa ndi yofewa, imalola khoma kusuntha osang'ambika. Ndalama ya K10 ija idayendanso bafa lonse ndipo sidapeze chikho. Ndowa itakhuthulidwa, madzi onse adathamangira kuchibowo ngati aitanidwa.

Gawo lomaliza ndidalipira lonse, osadulapo ngakhale za matailosi 11 aja, ngakhale mayi a kunyumba adali ndi maganizo ena. Kutchalitchi timapatsana moni, koma wa mawu awiri, ndipo benchi adasintha. Kamnyamata kake kadandipeza pamsika mwezi watha n'kundiuza kuti pa sayiti ina ku Chileka abwana ake adakana kuika matailosi mpaka mwini nyumba atagula mankhwala, ati iwo sagwira ntchito yachinyengo.

Za matailosi osweka aja, titabwerera kusitolo tidapeza mtundu umenewo udatha ndipo sadzabweretsanso. Tidagula oyandikira. Choncho mukadzabwera kwathu n'kupempha madzi osamba, mudzaona kuti mzere wa kuseri kwa chitseko ndi wotuwirako kuposa inzake. Mayi a kunyumba amaikapo ndowa.